Njira ya ku Likoma amaidziwa ndani? Mbiri ya mapu, GPS ndi kusochera

Nkhani yanga ya lero ndi ya kachipangizo kaja kolozera njira, kamene ena mumamata pagalasi la galimoto ndipo ambiri muli nako m'mafoni mwanu, kaja kamalankhula ndi mawu a mayi waulemu kukuuzani kuti mukhotere kumanja kapena kumanzere. Ndikudziwa kuti wina afunsa kuti mphunzitsi wa pachilumba, kumene galimoto zake ungaziwerenge osatopa, akudziwapo chiyani za GPS. Yankho langa nlakuti ife a ku Likoma ndi Chizumulu tili ndi ufulu wolankhulapo, chifukwa funso lakuti "ndili pati, nanga njira ndi iti?" kwathu kuno silinakhalepo lamasewera. Munthu akasochera ku Area 47 amangotaya petulo ndi nthawi. Koma akasochera pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma, paulendo wa makilomita pafupifupi 70 wa madzi okhaokha, kumudzi kumagwa zovuta.

Mfundo yanga ndi iyi. Kachipangizoka kali ndi mbali ziwiri zimene anthu ambiri sazisiyanitsa. Mbali yoyamba ndi yoyeza pamene munthu waima, ndipo imeneyi siphonya kawirikawiri. Mbali yachiwiri ndi mapu amene anaikidwamo. Mapu amajambula ndi anthu, ndipo anthuwo amakhala ndi zolinga zawo, chinenero chawo ndi malire a nzeru zawo. Zambiri zimene timaseka nazo za GPS zimachokera ku mbali yachiwiriyi, ndipo mbiri ya nyanja yathu inazionetsa kale zimenezi setilaiti isanaponyedwe kumwamba.

Asanabwere mapu

Makolo athu ankawoloka nyanjayi opanda pepala m'manja. Msodzi wa ku Makulawe kapena wa ku Same ankadziwa mphepo ndi mayina ake: mwera wochokera kummwera, umene umavuta kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mpoto wochokera kumpoto, vuma wa kotulukira dzuwa ndi zambwe wa kolowera dzuwa. Usiku ankayang'ana nyenyezi monga Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, ndipo Nthanda ikatuluka ankadziwa kuti kwatsala pang'ono kucha.

Masana ankagwiritsa ntchito njira imene asodzi a utaka akuitsatabe pofuna chirundu, mwala uja wa pansi pamadzi pamene utaka umakonda kusonkhana. Amapalasa mpaka mlambe wakutiwakuti ukhale pamzere umodzi ndi nsonga ya phiri la kuseri kwake. Kenaka amayang'ana mbali ina mpaka thanthwe lina lilunjikane ndi phiri la kutsidya ku Mozambique. Pamene mizere iwiriyo yakumana mpomwe amaponya chilimira. Anzanga a masamu, imeneyitu ndi mfundo yomwe ija timalemba pabolodi, yakuti mizere iwiri yowongoka imakumana pamalo amodzi okha. Kusiyana kwake nkwakuti mwana akalakwa m'kope timangomudula malikisi, koma msodzi akalakwa banja lake ligona ndi njala.

Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, amene timamudziwa ndi dzina lakuti Jumbe, anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo zombo zake za matanga zinkawolokera kugombe la kum'mawa zitasenza minyanga ya njovu ndi akapolo opita ku Kilwa. Inali ntchito yoipa zedi, koma ikutiuza chinthu chimodzi: nyanjayi inali ndi njira zake zodziwika bwino mzungu asanaione.

Obwera ndi zipangizo

David Livingstone anafika panyanjayi mu Sepitembala 1859, ndipo mu 1861 anabwereranso ndi boti limene anthu analinyamula pamapewa kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire. Iye ankayenda ndi zipangizo ziwiri zofunika: sextant yoyezera kutalika kwa dzuwa ndi nyenyezi kuchokera kumalekezero a thambo, ndi mawotchi apadera osunga nthawi ya ku Greenwich. Kudziwa kuti uli kumpoto kapena kummwera motani sikunali kovuta kwambiri. Chovuta chinali kum'mawa ndi kumadzulo, chifukwa zimenezi zimadalira wotchi. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, kutanthauza digiri imodzi pa mphindi zinayi. Kuno ku Likoma, kumene tili pa madigiri 12 kummwera kwa ikweta, digiri imodzi yopita kum'mawa ndi makilomita pafupifupi 109. Ndiye kuti wotchi ikatsalira ndi mphindi imodzi yokha, munthu wasuntha mudzi wonse ndi makilomita 27 papepala lake. Mu 1867, ali paulendo wake womaliza m'dera limene lero ndi Zambia, mawotchi a Livingstone anagwa pansi nkuwonongeka, ndipo miyeso yake inayamba kuphonya kuyambira pamenepo.

Ngakhale nyanja yathuyi sanaiyeze yonse. Mu 1861 anabwerera asanafike kumapeto kwake, ndipo anaganiza kuti ndi yaifupi kuposa mmene ilili. Anakonza cholakwachi anali E. D. Young ndi Robert Laws, amene analowetsa sitima yoyamba yotchedwa Ilala panyanjayi mu Okutobala 1875, nkuizungulira chaka chomwecho. Iwo anapeza kuti madzi akupitirira kutali kumpoto mpaka kumapiri amene anawatcha Livingstone. Lero timaphunzitsa kuti nyanjayi ndi yaitali makilomita pafupifupi 570.

Dzina lenilenilo linabwera mwa kusamvana. Mawu akuti nyasa m'Chiyao amatanthauza nyanja. Mlendo anafunsa dzina, anthu anamuuza chimene akuona, iye nkulemba Lake Nyasa, ngati kunena kuti "Nyanja Nyanja". Cholakwa chikangolowa pamapu chimakhalitsa kuposa amene anachilemba.

A mishoni ya UMCA anakhazikika pa Likoma mu 1885, chaka chomwecho chimene sitima yawo ya Charles Janson inayamba kuyenda. William Percival Johnson, amene anayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja kwa zaka zoposa makumi anayi mpaka imfa yake ku Liuli mu 1928, anali atafa diso limodzi ndipo linalo linkaona movutikira. Munthu wotereyu sakanatha kuona thanthwe lobisala kapena mtambo wobweretsa mphepo. Ankamuonera ndi amalinyero akuda, anthu a m'midzi yathu yomweyi, amene mayina awo sitiwapeza pamapu alionse.

Pa 2 Sepitembala 1895, Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene ku London kukhala bishopu wa Likoma, anamira pamodzi ndi Joseph Williams pamene boti lawo la matanga linagudubuzika ndi namondwe pafupi ndi Leopard Bay ku Salima. Manda ake ali ku Nkhotakota. Sitima imene inapatsidwa dzina lake inapangidwa ku Glasgow nkutumizidwa m'zidutswa zoposa 3,000, chilichonse chili ndi nambala yake. Tsoka ilo, atazipaka zoteteza dzimbiri manambala aja anakwiririka, ndipo amisiri anavutika zaka ziwiri kulumikiza mpaka sitimayo inalowa m'madzi mu 1901. Ndimakonda kuwauza ana nkhani imeneyi, chifukwa ikuonetsa kuti dongosolo labwino lingathe kufa ndi kanthu kakang'ono kamene wopanga sanakaganizire.

Woyamba kuyeza nyanjayi mwadongosolo anali Edmund Rhoades, yemwe uja anadzatchuka mu Ogasiti 1914 pamene sitima yake ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli. Iye ankatsitsa chingwe chokhala ndi chitsulo cholemera kunsonga, malo ndi malo, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1902. Pozama kwambiri pa nyanjayi ndi mamita 706. Komabe gombe limene munthu wajambula ndi la chaka chimenecho basi. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 madzi anatsika moti Shire analeka kutuluka m'nyanja, pamene mu 2024 anakwera mpaka kumiza nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Mwala umene agogo ankaanikapo usipa lero ungathe kukhala pansi pamadzi, ukudikira injini ya boti.

Mzere wodutsa pamadzi

Mukatsegula mapu m'foni muli ku Mbamba, muona kuti tazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Alendo ena amaganiza kuti kachipangizo kasokonekera, makamaka foni ikakokanso netiweki ya kutsidya. Apa sikanalakwe ayi. Pangano la pakati pa Britain ndi Portugal la pa 11 Juni 1891 linapereka gombe la kum'mawa kwa Apwitikizi, koma Likoma ndi Chizumulu zinatsala m'manja mwa Angerezi chifukwa cha mishoni ija. Mu 1954 maiko awiriwa anagwirizananso kusuntha malire kuwaika pakati pa nyanja, ndipo zilumba zathu zinasiyiridwa lamba wa madzi wa mamailo awiri a panyanja kuzungulira chilichonse. Msodzi wa kuno akapalasa pang'ono amakhala atatuluka m'dziko, ngakhale madzi ake ndi amodzimodzi.

Kumpoto nkhani ndi ina. Pangano la Britain ndi Germany la pa 1 Julayi 1890 linaika malire m'mbali mwa gombe la kum'mawa, ndipo Malawi amaima pamenepo, pamene Tanzania amati malire adutse pakati pa madzi. Mkanganowu unabuka mu 1967 ndipo unadzukanso mu 2012, boma litapereka chilolezo chofufuza mafuta panyanja. Wopanga mapu a m'foni amayenera kusankha kuti mzerewo aujambule pati, ndiponso alembe Lake Malawi, Lake Nyasa kapena Lago Niassa. Musaganize kuti nzachibwana. Mu 2010 mkulu wina wa ku Nicaragua, Edén Pastora, analoza mapu a Google pofotokoza chifukwa chimene asilikali a kwawo anali pamalo amene Costa Rica amati ndi ake. Google anavomera kuti mzere wake unali wolakwika nkuukonza, koma nkhaniyo inakathera kubwalo la milandu la maiko onse, limene linagamula mokomera Costa Rica mu 2015.

Mmene GPS inabadwira

GPS ndi mwana wa nkhondo ya mawu ya pakati pa America ndi Soviet Union. Asovieti ataponya Sputnik mu 1957, akatswiri a ku America anaona kuti angathe kudziwa pamene setilaitiyo ili pomvetsera mmene kulira kwake kukusinthira. Kenaka anaitembenuza nzeruyo: ngati ukudziwa pamene setilaiti ili, ungadziwe pamene iwe uli. Asilikali apamadzi a ku America anayamba kugwiritsa ntchito dongosolo lotchedwa Transit mu 1964. Ntchito ya GPS inayamba mu 1973, setilaiti yoyamba inakwera mu 1978, ndipo dongosolo lonse la masetilaiti 24 linalengezedwa kuti lakwanira mu 1995.

Anthu wamba analowamo chifukwa cha ngozi. Pa 1 Sepitembala 1983 ndege ya ku Korea inasochera nkulowa mumlengalenga mwa Soviet Union, ndipo inawomberedwa, anthu 269 nkufa. Pulezidenti Ronald Reagan analonjeza kuti GPS ikadzatha idzakhala yotsegukira aliyense. Komabe asilikali ankaisokoneza dala kuti munthu wamba aziphonya ndi mamita mpaka 100. Kusokonezaku kunathetsedwa mu Meyi 2000 polamula Bill Clinton, ndipo kuyambira pamenepo kachipangizo ka m'galimoto kanayamba kusiyanitsa msewu uwu ndi winawo. Lero foni zambiri zimamveranso masetilaiti a GLONASS a Russia, Galileo a ku Ulaya ndi BeiDou a China.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kufotokoza. Masetilaitiwa ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 ndipo amazungulira dziko kawiri patsiku. Iliyonse imangolengeza kuti "ndine wakuti, ndili apa, nthawi ndi iyi". Kachipangizo kanu kamayeza nthawi imene uthengawo watenga kuti ufike, nkupeza mtunda. Kakamva masetilaiti anayi, kamadziwa pamene muli. Uthengawu umathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, kotero wotchi ikaphonya ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi, mwasuntha ndi mamita 300. Mukuona kuti vuto la Livingstone silinathe: zonse zikadali pa wotchi, kungoti mawotchi a lero ali kumwamba kumene mnyamata wonyamula katundu sangawagwetse.

M'galimoto, Ajapani ndiwo anatsogola. Honda anatulutsa chipangizo cholozera njira mu 1981 chimene sichinkadalira setilaiti konse, ndipo mu 1990 Mazda anagulitsa galimoto yoyamba yokhala ndi GPS yomangiramo. Garmin anatulutsa StreetPilot mu 1998, TomTom GO inabwera mu 2004, ndipo Google Maps inayamba mu 2005.

Makhalidwe ake

Khalidwe loyamba: kachipangizoka sikadziwa kuti madzi ndi madzi ngati mapu sanakauze. Mu Malichi 2012 ophunzira atatu a ku Japan amene ankacheza ku Australia anafuna kupita pachilumba cha North Stradbroke. Anatsatira mawu a GPS nkulowa ndi galimoto m'matope a Moreton Bay nthawi imene madzi anali ataphwa, mpaka inatitimira. Madzi atabwerera anaisiya momwemo. Tangoganizani munthu akutsetsereka ndi galimoto pagombe la Nkhata Bay ati akubwera ku Likoma.

Khalidwe lachiwiri: kamamvera chilembo, osati cholinga cha munthu. Mu 2009 banja lina la ku Sweden linkafuna kupita ku chilumba cha Capri ku Italy, koma linalemba Carpi, ndipo linakafika m'tauni ya mafakitale pamtunda wa makilomita oposa 600 kuchoka kumene linkafuna. Sanadabwe nkomwe kuti afika pachilumba osawoloka madzi. Ife tisaseke kwambiri, chifukwa mayina athu ali ndi anzawo. Chiponde ili kuno ku Likoma, komanso Chiponde ndi chipata cha malire ku Mangochi. Mbamba ndi kwathu, koma Mbamba Bay ili ku Tanzania. Madimba ndi mudzi wa pachilumba, pamene Mandimba ndi tauni ya ku Niassa. Same ili ku Chizumulu, ina ili kumpoto kwa Tanzania kufupi ndi Kilimanjaro. Chala chikaterereka, Likoma isanduka Likuni kapena Nkhoma. Makolo anati safunsa anadya phula, ndipo kachipangizoka sikafunsa kuti "mukunena Chiponde iti?" pokhapokha mwini wake atayang'anitsitsa.

Khalidwe lachitatu: kamakonda njira yachidule. Kamawerengera makilomita ndi mphindi, koma sikaona phompho. Pamapu, msewu wa Golodi wochoka ku Chitimba kukwera ku Livingstonia ndi waufupi, makilomita pafupifupi 15. Amene anaukwerapo akudziwa za makona ake okwana 20 opindika ngati njoka, ndi mmene umakhalira mvula ikagwa. Namondwe wa Freddy atakokolola milatho ku Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, kachipangizo kokhala ndi mapu akale kakanapitiriza kuuza dalaivala kuti apite patsogolo. Mafoni amayesa kukonza zimenezi pogwiritsa ntchito malipoti a oyenda, koma izi zimathandiza kumene kuli anthu ambiri okhala ndi intaneti, osati pamsewu wafumbi wa kumudzi.

Khalidwe lachinayi ndi lathulathu. Galimoto zambiri za m'Malawi muno nzogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, zolowera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe. Zimabwera ndi GPS yomangiramo yokhala ndi mapu a Japan okhaokha. Ulendo wina mnyamata amene ndinamuphunzitsa, yemwe tsopano amayendetsa takisi ku Lilongwe, ananditenga kuchokera kudepoti. Atangoliza injini, mayi wina analonjera m'Chijapani, ndipo kagalasi ka kutsogolo kankaonetsa kamuvi kathu kakuyandama pamalo a buluu opanda msewu ndi umodzi womwe. Nditafunsa anaseka nati, "Aphunzitsi, musadandaule, imeneyi imaganiza kuti ikadali kwawo." Setilaiti inkauza galimotoyo zoona zokhazokha, koma m'mutu mwake munalibe Lilongwe.

Khalidwe lachisanu likukhudza ife ophunzitsa jogalafe. Mapu athu a 1:50,000 amene timaphunzitsira ana kuwerenga mapu anajambulidwa potsata muyeso wotchedwa Arc 1950, pamene GPS imatsata WGS 84. Miyeso iwiriyi imaganizira maonekedwe a dziko mosiyana pang'ono, ndipo manambala a malo amodzi omwewo angasiyane ndi mamita pafupifupi 300. Mwana akatenga manambala m'foni nkuwaika papepala, apeza kuti sukulu yasamuka. Palibe chimene chanama. Zinenero ndi ziwiri, ndipo pakufunika womasulira. Pa nkhani ya malire a munda, mamita 300 ndi mlandu wa kwa mfumu.

Kudziwa malo sikudziwa nyanja

Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, imene inali itangoyamba kumene ntchito, inagudubuzika ndi mafunde pafupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Ndi ngozi yaikulu kuposa zonse m'mbiri ya sitima za panyanjayi. Vipya sinasochere. Oyendetsa ankadziwa pamene anali, ndipo GPS ikanakhalapo sikanasintha kanthu. Unali mwezi wa mwera, ndipo funso lofunika linali lakuti kodi sitimayi ingapirire nyanja ya lero. Ilala imene tonse tinakulira, yopangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland, inayamba ntchito mu 1951 kulowa m'malo mwake. Kwa zaka zambiri inkaima patali ndi gombe lathu, ife nkumatsikira m'maboti ang'onoang'ono ndi matumba a ufa pamutu, nthawi zina pakati pa usiku. Amene ankatifikitsa kumtunda anali anthu odziwa mwala uliwonse wa padoko.

Ngozi ina imachokera kukhulupirira chipangizo mopitirira muyeso. Mu Juni 1995 sitima yaikulu ya Royal Majesty, itanyamula anthu oposa 1,500 kuchoka ku Bermuda kupita ku Boston, inatsakamira pamchenga pafupi ndi chilumba cha Nantucket. Waya wa mlongoti wa GPS unali utazuka, ndipo chipangizocho chinayamba kungoyerekeza pamene sitima ili. Kwa maola oposa 30 oyendetsa anakhulupirira galasi lawo, mpaka sitima inapatuka ndi mamailo 17. Alonda anaona magetsi ndi madzi osweka kutsogolo, koma zimene maso anaona sizinapatsidwe ulemu wofanana ndi zimene makina ananena. Mwamwayi palibe anafa.

Ichi ndicho chimandidetsa nkhawa ndikaona anyamata athu. Sindikudana nayo GPS. Boti likazima injini pakati pa Chizumulu ndi Nkhata Bay, munthu wokhoza kuwerenga manambala a malo ake nkuwatumiza kumtunda wapulumutsa anthu. Nkhungu ikaphimba mapiri, kapena utsi wa moto wa kutchire ukabisa gombe mu Okutobala, mizere ija ya mlambe ndi phiri siioneka, ndipo foni ndiyo ingakubwezere kwanu. Dziwaninso kuti GPS siifuna mayunitsi kapena bandulo. Chimene chimafuna intaneti ndi mapu, ndipo mungathe kuwasungiratu m'foni musananyamuke. Koma batire limatha, foni imagwera m'madzi, ndipo mwera suonekera pagalasi. Mnyamata amene sanaphunzire kuwerenga mitambo chifukwa ali ndi foni wasiya chida chimene sichitha moto.

Palinso funso limene asodzi okha ndiwo angaliyankhe. Chirundu chabwino chinali chuma cha banja, chophunzitsidwa kwa mwana kapena mphwake patapita zaka akupalasa limodzi. Manambala a GPS angatumizidwe kwa anthu makumi asanu pa mphindi imodzi. Chinsinsi chikatha, maukonde onse adzathamangira pamalo amodzi, ndipo utaka suchuluka chifukwa choti oufuna achuluka.

Pempho langa

Chilumba chathu ndi cha masikweya kilomita 18 okha, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 14,000 m'boma lonse la Likoma. Kampani yaikulu ya kunja ilibe chifukwa chotumizira munthu kudzafunsa dzina la kadoko kalikonse ka ku Yofu, Ulisa kapena Nkhwazi. Mlendo akatsegula mapu amapeza msanga Cathedral ya St Peter, imene mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1903, bwalo la ndege ndi malo ogona alendo. Mayina a miyala, a timadoko ndi a tinjira, amene agogo athu ankawatchula tsiku ndi tsiku, ngosowa. Zikapitirira chonchi, zidzukulu zathu zidzadziwa kwawo ndi mayina amene alendo anasankha.

Mapu a masiku ano angathe kulembedwa ndi ife. OpenStreetMap, imene inayamba mu 2004, imalola munthu aliyense kuwonjezera njira ndi dzina. Mapu a Tracks4Africa, amene alendo oyenda pagalimoto amawadalira m'chigawo chino cha Africa, anamangidwa ndi njira zimene apaulendo eni ake anajambula ndi ma GPS awo. Ngati alendo anatha, ife eni nthaka tingalephere bwanji?

Choncho inu ana anga amene mukudziwa kompyuta, mukabwera kutchuthi musangothera kumpira ndi kumalipenga. Khalani pansi ndi agogo, afunseni dzina la malo alionse ndi chifukwa chake, mulembe m'kope ndi kalembedwe koyenera, kenaka muike pamapu zimene eni ake avomereza. Za virundu zisiyeni m'manja mwa asodzi. Ndipo inu anzanga aziphunzitsi, tiyeni tsiku lina titenge ana a Fomu 3 tikwere nawo phiri la Macholo, wina atanyamula mapu a pepala, wina foni, ndipo pakati pawo pakhale msodzi wachikulire. Aliyense aloze Cobue, aloze Chizumulu, anene kumene mphepo ya tsikulo ikuchokera, ndipo ana aone okha chimene aliyense mwa atatuwa akudziwa ndi chimene chikumusowa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma sakhala nafe mpaka kalekale, ndiye ntchitoyi isadikire chaka chamawa.

Inu oyendetsa galimoto m'matauni, kagwiritseni ntchito kachipangizo kanuko, kamathandiza ndithu. Koma musananyamuke yang'anani ulendo wonse pamapu, muone ngati dzina mwalembalo lili m'boma limene mukufuna. Mayi uja akakuuzani kuti mukhotere kumene maso anu akukana, imani, tsitsani galasi, mupereke moni kwa munthu wa pamalopo ndi kufunsa.